Mapazi Khumi a Bambo Anga

Mliri unatha, koma pasukulu pathu unasiya katundu wake. Nthawi ija ankati ana asamathithikane m'kalasi, anatigawa pawiri, ena a m'mawa, ena a masana. Matenda atapita, akuluakulu anaona kuti zikuyenda, basi n'kuzisiya choncho. Chino ndi chaka chachinayi. Ine ndimaphunzitsa masamu m'mawa, ndipo ndikaweruka, kalasi yomweyo, tebulo lomwelo ndi mpando womwewo wa mwendo wogwedera zimatsalira mphunzitsi wa masana, yemwenso ndi kochi wa timu ya mpira ya atsikana.

Munthuyu ndinamudziwa ndisanamuone nkhope. Ndinamudziwira pa ulesi wake. M'mawa uliwonse ndinkapeza bolodi yodzaza ndi timivi ndi timizere ta mpira, ndiye tsiku lina zitandikwana ndinalemba pakona kuti, "A Masana, dasita saluma." Kutacha ndinapeza bolodi ili mbee, pansi pa mawu anga pali yankho: "A M'mawa, pepani. Koma inunso homuweki mukuchulutsa, osewera anga akufika pabwalo atalefuka kale." Ndinafuna kukwiya, koma phwete linanditsogolera.

Kona imeneyo tinaigwiritsa ntchito mpaka ana anatitulukira n'kuyamba kujambulapo timitima. Tinasamukira m'bokosi la choko. Mafoni tili nawo, inde, koma kapepala konunkha choko kali ndi kukoma kwake, ndipo amene sanakalandirepo asandiweruze.

Lolemba lina ndinapeza kapepala kopindidwa kanayi. "A M'mawa, ndatopa kukukondani mozemba ngati ndaba. Ndikufuna ndidzaonekere kwa bambo anu. Lamlungu lili bwanji?"

Ndinakawerenga katatu, ndipo tsiku limenelo ana anandikonza kawiri pa samu yophweka. Kumufuna ndinkamufuna, pamenepo panalibe mtsutso. Koma ndinkafunanso kuti adadi amulandire ndi mtima wonse, chifukwa kupatula ine alibe wina m'nyumba. Vuto linali loti kwathu mlendo sadutsa pafupi ndi geti.

*

Bambo anga anayimbira mpira zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo mumsewu mwathu mpaka lero amawatchula kuti a Refu. Anali munthu wa pagulu, woti akalowa mu basi amatuluka atadziwana ndi aliyense. Masewero awo omaliza anali a fainolo, kutatsala sabata imodzi kuti mabwalo atsekedwe. Za matenda zinali zitamveka kale, ena ankati masewerowo aimitsidwe, koma adadi anati mpira suopa chimfine. Amayi anapita kukawaonera, anakhala pakati pa chikhamu, akuimba ndi anzawo. Patatha masiku asanu ndi anayi anayamba kutsokomola. Kumanda tinalipo anthu asanu ndi mmodzi, aliyense akulira payekha chifukwa kugwirana kunali koletsedwa.

Kuyambira pamenepo adadi amatuluka pageti pokhapokha akamapita kuchipatala. Pakhomo pali ndowa ya mpopi ndi sopo womangidwa pa chingwe. Mlendo akabwera, adadi amanyamuka pakhonde n'kuwerenga mapazi khumi, monga ankachitira poimika khoma la firikiki, ndipo pamene athera m'pamene pamaikidwa mpando wapulasitiki. Ine ndikaweruka ndimasamba ndi kusintha zovala kubafa ya panja ndisanalowe. Kuukwati sindipita. Mapemphero timamvera pa foni. Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ndinali nditazolowera, kapena ndinkadzinamiza kuti ndazolowera.

Mnyamata mmodzi yekha ndi amene adadi ankamukonda. Ameneyu amayendetsa maphunziro a pa foni pasukulu pathu, ndiponso ndi amene amaulutsa masewero a ana, popeza kuchokera nthawi ya mliri makolo amaonera mpira wa ana awo ali kunyumba. Ana anamupatsa dzina loti Bandulo, chifukwa moni wake ndi wakuti, "Muli ndi bandulo?" Anandifunsira kawiri, ndinamukana kawiri, ndiye anangozungulira n'kukagwira kwa adadi. Amawaimbira pa vidiyo Lachitatu lililonse.

"Mnyamata waulemu ameneyu," adadi amatero akadula foni. "Chaka chonse sanabwerepo pano ngakhale kamodzi."

Madzulo a Lolemba lija, tikumwa tiyi pakhonde, ndinalimba mtima.

"Adadi, pali munthu akufuna adzakuoneni."

"Aimbe."

"Akufuna abwere ndi miyendo yake."

Anatsitsa kapu. "Wa kuti? Amagwira ntchito yanji?"

"Mphunzitsi mnzanga. Wa masana."

"Ndiye kuti amapuma mpweya wa ana makumi asanu umene iwe wasiya m'kalasimo." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako nkhope inafewa. "Ukumukonda, mayi?"

Adadi amanditchula kuti mayi akafuna kundisasatitsa. Ndinangogwedeza mutu, maso ali pa kapu.

"Abwere. Koma lamulo la pano umuuziretu. Sindifuna kutulutsa munthu ndi khadi yofiira tsiku loyamba."

*

Pakati pa a m'mawa ndi a masana pamakhala mphindi makumi awiri zopukuta madesiki ndi kutsegula mawindo. Lamulo limenelinso linatsala kuchokera pa mliri, ndipo ndi lokhalo limene ndimalithokoza. Lachisanu Kochi anandipeza ndili ndi chiguduli m'manja, n'kundilanda.

"Ndiphunzitseni, a M'mawa. Ndichite chiyani kuti mdala andikonde?"

"Choyamba, usamati mdala."

"Chabwino."

"Usapereke dzanja. Usambe m'manja osadikira kuuzidwa, ndipo usambe nthawi yaitali, amawerenga chamumtima. Mpando usausunthe. Ukamva kutsokomola kukubwera, umeze."

"Ndikatsamwa?"

"Ukafere kunja kwa geti."

Anaseka mpaka kukhala pa desiki. Kuseka kwa munthuyu n'kopanda mabuleki, kumadzaza kalasi yonse, ndipo n'kumene kunandigwetsa. M'nyumba mwathu phokoso lalikulu ndi la ketulo.

"Ndipo za mpira usazitchule," ndinatero.

"Kochi asatchule mpira pamaso pa refu? Ndiye tikambirana chiyani, mitengo ya sopo?"

"Ndangokuuza."

Anandigwira chala chimodzi, chija chimakhala choyera ndi choko. "Ndili ndi nkhani, iwe. Ahedi avomera. Loweruka la sabata la mawa lino ayi, linalo, tikutsegula geti la bwalo. Makolo alowe, aone ana awo ndi maso. Ukudziwa kuti atsikana angawa anayamba mpira mabwalo atatsekedwa kale? Chiyambireni sanamveko munthu akuwachemerera. Akagoletsa amathamangira kwa Bandulo kukavinira foni."

Maso ake ankawala. Pamenepo m'pamene ndinayenera kumuuza. Ankadziwa kuti amayi anapita ndi mliri, koma za fainolo ija, ndi za amene anakana kuti iimitsidwe, ndinali ndisanamuuzepo. Nkhani imeneyo kwathu sitiitchula, ndipo pakamwa panga panali patazolowera kuidumpha. Ndinati ndidzamuuza pambuyo pa Lamlungu. Belu linalira, ana a masana anayamba kulowa, ine n'kutenga chikwama changa.

*

Lamlungu anafika atavala shati yoyera yosita mpaka kuthwa. Anasamba m'manja ngati dotolo wopita kukachita opaleshoni, mpaka adadi anati, "Basi, mwana wanga, sopoyo tikumufunanso mawa." Azakhali anga, achemwali awo a adadi, anali atabwera kudzachitira umboni. Iwonso anali pa mpando wawo chakumpanda, atakwinya nkhope, chifukwa chiyambireni lamuloli sanasiye kulinyoza.

Kuipa kwa mapazi khumi n'koti palibe chinsinsi. Munthu amayenera kukweza mawu, ndipo adadi khutu lina silimva bwino.

"MWATI MWABWERERA CHIYANI?"

"NDATI NDIMAMUKONDA MWANA WANU, BAMBO!"

Kuseri kwa mpanda kunamveka mayi wina woyandikana nafe akuti, "Eee, tamva!" Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Azakhali anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya mpango.

Koma zinkayenda. Adadi anafunsa za makolo ake, za kumene amakhala, ngati chipinda chake chili ndi mawindo awiri oyang'anana. Kochi anayankha zonse modekha, manja ali pa mawondo. Za mpira sanazitchule. Anazitchula ndi adadi.

"Ndamva kuti ndinu kochi. Tandiuzani. Mpira wamenya refu n'kulowa mu golo. Chigoli kapena ayi?"

"Kale chinali chigoli, bambo. Pano mpira umaimitsidwa, refu amauponya pansi."

"Hm! Nanga goloboyi akaponya yekha mpira ndi manja mpaka mu golo ya adani?"

"Si chigoli."

Adadi anamenya bondo. "Mwamumva, achemwali? Pali anthu akuyimbira ligi osadziwa zimenezo!"

Zitatero nkhani inasefukira. Anakumbutsana zigoli zakale, mapenate okanidwa, tsiku limene adadi anathawira m'galimoto ya apolisi atavala nsapato imodzi. Ndinaona bambo anga ataimirira, akusonyeza mmene ankathamangira chammbuyo, ndipo osadziwa anali atatsika masitepe awiri a khonde. Zaka zinayi ndinali ndisanawaone choncho. Mtima wanga unadzaza moti ndinaiwala kuchita mantha.

Kochi nayenso anaona zomwe ndinaona, ndipo chifukwa ndi munthu wa mtima wabwino, anafuna kuwapatsa mphatso yaikulu imene anali nayo.

"Bambo, ndili ndi pempho. Pakutha pa sabata ziwiri tikutsegula bwalo la sukulu, anthu adzalowe koyamba. Palibe woyenera kuyimbira masewero amenewo kuposa inu. Anthu akusowani."

Adadi anaima pomwepo. Anayang'ana pansi, n'kuona pamene mapazi awo afika, n'kubwerera chammbuyo mpaka pakhonde.

"Mukuitana anthu?"

"Makolo, bambo, ndi ena ofuna..."

"Angati?"

"Mwina mazana atatu."

"Inenso ndinaitanapo anthu," anatero adadi motsitsa, koma tonse tinamva. "Anandiuza kuti ndiimitse, ine n'kukana. Mkazi wanga anabwera chifukwa ine ndinamuuza kuti abwere." Anatembenukira kwa ine. "Wandibweretsera munthu wofuna kubwereza zomwe ndinachita ine."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Kochi anatsala pa mpando wake, akundiyang'ana, nkhope itagwa.

*

"Bwanji sunandiuze?" unali uthenga wake woyamba, ndisanamalize n'kuchotsa makapu.

"Ndinkaopa."

"Unkaopa ine?"

"Ndinkaopa kuitchula. Pepa, wokondedwa. Kulakwa n'kwanga."

"Ndawabaya pa chilonda ndikuseka. Ndidzawayang'ana bwanji?"

Lolemba m'bokosi la choko munalibe kanthu. Lachiwiri chimodzimodzi. Amene anandipeza pa nthawi yopukuta madesiki anali Bandulo, ali ndi timahedifoni take m'khosi.

"Ndamva kuti kunali masewero Lamlungu, Madamu. Akuti alendo anagonja pakhomo."

"Netiweki yanu imagwira ndi za eni zomwe?"

"Musandilankhule choncho, ine ndimakufunirani zabwino. A Refu ndi munthu wosweka mtima, safunika phokoso. Ine ndimawamvetsa." Anakonza kolala. "Ndipotu zamabwalozi zinatha, Madamu. Dziko linasamukira m'manja. Sukulu m'manja, mpira m'manja, misonkhano m'manja. Ukwati umene ndinaulutsa mwezi watha unaoneredwa ndi anthu mazana asanu ndi awiri, muholo munali anthu khumi okha."

"Mkwatibwi anavina ndi ndani?"

Lachitatu Bandulo anaimbira adadi monga mwa masiku onse, ndipo ndili kukhitchini ndinamumva akusandutsa anthu mazana atatu aja kukhala chikwi, ena ochokera kutali pa malole. Atadula, adadi anaika foni pansi.

"Mayi," anandiitana. "Mnyamata wako uja."

"Ee, adadi."

"Malamulo amawadziwa." Anapukusa mutu. "Ndipo amaseka ngati amayi ako. Chikundipweteka n'chimenecho. Akanakhala chitsiru bwenzi ndikugona bwino."

Ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wawo n'kutsamira mutu pa bondo lawo, monga ndinkachitira ndili wamng'ono. Anandisisita tsitsi ndi dzanja lokhakhala ndi sopo.

"Ndatsala ndi iwe wekha," anatero. "Sindingakupereke kwa munthu woti tsiku lililonse azikubweretsera khamu la anthu m'malaya mwake."

*

Lachinayi sindinapite kunyumba nditaweruka. Ndinatumiza uthenga kwa adadi kuti ndikuchonga mayeso, limene linali bodza langa loyamba kwa iwo m'zaka zinayi, ndipo ndinadikira mpaka a masana atatuluka kupita kubwalo.

Zimene ndinapeza kumeneko sindinaziyembekezere. Kochi anali atasonkhanitsa makalasi atatu n'kuwaimika m'mbali mwa bwalo ndi zitini, ndowa zakutha ndi zivindikiro za mapoto. Atsikana ake ankasewera, enawo akuchita phokoso ndi mphamvu zawo zonse.

"Ukupanga chiyani?" ndinamufunsa m'khutu.

Anadzidzimuka pondiona, kenako anamwetulira pang'ono, kumwetulira kwa munthu amene sanagone. "Ndikuwazoloweza. Dzana titayesa koyamba, goloboyi wanga anasiya golo n'kutseka makutu. Wakutsogolo uja wamtaliyo anaima n'kufunsa kuti walakwa chiyani kuti anthu azimukuwiza. Sadziwa kuti kukuwako n'chikondi."

Ndinaima naye pamenepo. Fumbi, thukuta la ana, zitini zikulira mosagwirizana. Mtsikana wina wamfupi, amene m'kalasi mwanga chaka chatha sankatsegula pakamwa, analanda mpira pakati pa bwalo, anadutsa awiri, n'kuumenya ndi mwendo wamanzere. Unagunda chitsulo n'kulowa.

Wina anakuwa pafupi nane mokweza zedi, mawu osasa, oipa, osaphunzitsidwa. Panapita kanthawi ndisanazindikire kuti ndine. Ndinali nditadumpha, nsapato imodzi itavuka, nditakumbatira mphunzitsi wa sayansi amene sitipatsana ngakhale moni. Ndipo misozi inali kutsika. Ndinadziwa pomwepo kuti ndakhala ndi njala zaka zinayi, njala ya anthu, ya kukankhana mapewa, ya kuimba nyimbo imodzi ndi munthu amene sindimudziwa. Ndinadziwanso chifukwa chake ndinakonda mwamuna ameneyu osati wina.

Kochi ananditolera nsapato. Anaona misozi ija, ndipo mwamuna akaona misozi amaganiza kuti wamvetsa zonse.

"Usalire," anatero. "Ndikonza. Sindikutaya chifukwa cha mpira."

Ndinkapuma mwabefu, ndiye ndinangogwedeza mutu. Ndinayesa akunena kuti akapepesa.

*

Lamlungu masana kunamveka kugogoda pageti. Adadi anali atauzidwa kale, ine ayi. Azakhali analiponso, aitanidwa mwapadera. Kochi anasamba m'manja, n'kupita kukakhala pa mpando wake, atanyamula envelopu.

"Bambo, ndinalakwa. Sindinkadziwa, koma kusadziwako sikuchotsa ululu umene ndinakupatsani." Anakweza envelopu ija. "Iyi ndi kope ya kalata imene ndapereka kwa ahedi Lachisanu. Ndabweza pempho langa. Loweruka geti la bwalo likhala lotseka, monga kale. Mnzathu wa mafoni uja aulutsa. Ndi iyeyo amene anandithandiza maganizo."

Ndinamva ngati wina wandithira madzi ozizira kumsana.

"Atsikana aja wawauza?" ndinafunsa.

Sanandiyang'ane. "Ndiwauza mawa."

Adadi anadzuka, anatsika pakhonde, anayenda mpaka pamene panali Kochi. Azakhali anagwira pakamwa. Adadi anatambasula dzanja, dzanja limene silinagwire mlendo chimwalirireni amayi. Kochi analilandira ndi manja awiri, atawerama.

"Mwana wanga," anatero adadi, "wachita chimene ine ndinalephera. Uuze akwanu abwere, awiri okha, tidzakambirane. Mwana wangayu ndakupatsa."

Ndinkayembekezera mawu amenewa miyezi yonseyi. Ndinali nditawalota, nditawapempherera. Kochi ananditembenukira, maso onyowa, akumwetulira ngati mwana amene wakhoza mayeso, ndipo ndinamukonda pamenepo kuposa tsiku lina lililonse.

"Chinthu chimodzi chokha," adadi anapitiriza, asanasiye dzanja lija. "Nyumbayi ndi yaikulu, zipinda zitatu zili gwaa. Mukakwatirana mudzakhale muno. Ndikumangira bafa yako ya panja pafupi ndi yake. Ukwati tidzachitira pakhonde pompano, anthu khumi, enawo adzaonera pa foni. Ndipo za mabwalo odzaza anthu, monga wayambiramu, uzisiye. Uziphunzitsa ana ako mpira, palibe vuto, koma mageti otseka."

"Achimwene!" anatero azakhali. "Mukufuna mkamwini kapena mkaidi wachiwiri?"

"Achemwali, ndikulankhula ndi mwana wanga."

Kochi anayang'ana mpanda wathu wautali, ndowa, mawindo otseka, kenako anayang'ana ine.

"Ndavomera, bambo."

"Ine sindinavomere."

Mawuwo anatuluka okha. Onse atatu anatembenuka. Ndinagwira chipilala cha khonde.

"Mayi?" anatero adadi.

"Adadi, ndimakukondani, ndipo sindidzakusiyani nokha. Koma amayi simunawaphe inu. Anapita kumpira kuja chifukwa ankakonda kuimba pakati pa anthu, ndipo mukanawaletsa akanadumpha mpanda, mukudziwa. Ine ndine mwana wawo. Lachinayi sindinkachonga mayeso. Ndinali kubwalo, ndinakuwa mpaka mawu kutha, ndinakumbatira munthu wathukuta, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni amayi ndinamva kuti ndili moyo."

Nkhope ya adadi inachita mdima. Anasiya dzanja la Kochi.

"Ndipo iwe," ndinatembenukira kwa wokondedwa wanga, misozi itayambanso, "ndani anakutuma? Ndinakukonda chifukwa ukaseka mawindo amanjenjemera. Ndinkati ubwera udzatitsegulire, mwina pang'onopang'ono, mwina patapita chaka, ine ndi adadi tonse. Ndiye iwe wabwera ndi loko wako m'thumba. Mawa ukawauza chiyani ana aja? Kuti anaphunzira kupirira zitini pachabe chifukwa kochi wawo akufuna mkazi?"

"Ndachitira iwe," anatero motsitsa.

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake zikundiwawa."

Kunja mumsewu kunadutsa njinga ikuliza belu.

"Kabweze kalata ija," ndinatero. "Loweruka ine ndikhala pabwalo. Geti likakhala lotseka, ndiima panja ndi makolo aja, tizikuwira pa mpanda. Ukwati wa anthu khumi ndi foni ine ayi. Ndikufuna kudzavina mpaka nsapato kuduka, ndipo ndikufuna adadi adzavine nane."

Kochi anatsegula pakamwa, koma adadi anayamba ndiwo. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino.

"Mnyamata uyu wandipatsa mawu ake, ndipo wandigwira dzanja. Akabweza kalatayo, ndiye kuti wandinamiza pakhomo panga, ndipo pano asadzapondenso." Anandiyang'ana, maso ofiira. "Iwenso, mayi, ndiwe wamkulu, sindingakumange. Koma ukapita kuchikhamu kuja Loweruka, utengeretu zovala zako. Ndinaika kale m'manda munthu mmodzi wochokera kubwalo. Sindidikiranso wachiwiri pakhonde pano."

Anakwera masitepe atagwira khoma, ngati akalamba zaka khumi m'masana amodzi. Pakhomo anaima, osatembenuka.

"Tiyi wako ali pa mbaula," anatero. "Azizira."

Kochi anatsala chiimire pakati pa bwalo la nyumba yathu, envelopu itakwinyika m'dzanja lake.

"Ndiuze chochita," anandinong'oneza. "Chilichonse chimene unene, ndichita."

Ndinayang'ana iye, ndinayang'ana chitseko chimene adadi anachisiya chotsegula theka kuti ndilowe. Loweruka linali litatsala masiku asanu ndi limodzi.